Kapitao Wolonjeza Zimene Alibe

Ambiri a ife tinaonapo foni ikuchita chinthu ichi: munthu ali kulemba uthenga wautali, nausiya pang'ono kuti aone chithunzi kapena afunefune mawu pa intaneti, ndipo pobwerera apeza pulogalamu ija yayambanso poyamba, zolemba zake zonse zapita. Ena amati foniyo yakalamba, ena amati yalowa vairasi. Kawirikawiri si choncho ayi. Pulogalamuyo yachita kuphedwa dala, ndipo woipha ndi yemweyo amene anapatsidwa udindo woisamala. Ine ndifuna kufotokoza mlandu umenewu kuchokera pa gwero lake, pakuti gwero lake ndi lonjezo.

Kapitao ndi katundu wake

M'kompyuta iliyonse, ngakhalenso m'foni, muli pulogalamu imodzi yaikulu yoyang'anira mapulogalamu ena onse. Pa Chingerezi dzina lake ndi operating system, ndipo Windows, Linux, Android, macOS ndi iOS ndiwo otchuka a mtundu umenewu. Ine pano ndizimutcha kapitao, chifukwa ntchito yake ndi ya ukapitao ndithu: iye salima, koma ndiye agawa makasu ndi ndime, nanena yemwe ayambe ndi yemwe adikire.

Mwa zonse zimene kapitao agawa, chovuta koposa ndi memori, ija ilembedwa RAM pa bokosi la foni. Memori ndi malo amene pulogalamu iyalapo zinthu zimene ili kugwira nazo ntchito pa nthawi yomweyo. Musaisokoneze ndi disiki, kumene zithunzi ndi nyimbo zigona ngakhale makina atazimitsidwa. Memori njofulumira zedi, koma njochepa, ndipo magetsi akazima zonse za m'menemo zifufutika. Laputopu wamba ikhoza kukhala ndi memori ya 8 GB pamene disiki yake ndi ya 256 GB kapena kuposa.

Tsono mapulogalamu ali ndi khalidwe lopempha memori yambiri kuposa imene adzagwiritsa ntchito. Sachita izi chifukwa cha umbombo ayi, koma chifukwa cha kusadziwa zam'tsogolo. Pulogalamu yolembera makalata siidziwa ngati mwini wake alemba mizere itatu kapena buku lathunthu, kotero ipempheratu malo aakulu. Palinso chifukwa china. Pulogalamu imodzi ikhoza kugawa ntchito yake kwa antchito ang'onoang'ono otchedwa thread, ndipo aliyense wa iwo asungiridwa malo akeake otchedwa stack. Pa Linux malo amenewa kawirikawiri ndi 8 MB, ndipo pa Windows ndi 1 MB. Pulogalamu ya pa Linux yokhala ndi antchito 100 yasungitsa kale 800 MB, chonsecho wantchito aliyense mwina akhudza kachigawo kochepa chabe ka malo akewo. Kapitao akadapereka zonsezi zenizeni, memori ikadatha mapulogalamu asanagwire ntchito n'komwe.

Kope lopanda masamba

Kuti timve chimene kapitao achita, tiyerekeze sukulu imene wosunga katundu ali ndi mapepala 1,000 okha, ndipo ana 20 abwera, aliyense nafuna kope la masamba 200. Masamu ake ngosavuta: afunika mapepala 4,000. Koma wosunga katunduyo ngochenjera, adziwa kuti ana ambiri salemba kope lonse. Motero apatsa mwana aliyense chikuto chokha cholembedwa manambala a masamba kuyambira 1 kufikira 200, nalemba m'kaundula mwake kuti uje ndamlonjeza masamba 200. Tsiku limene mwana atsegula pa tsamba 7 kuti alembepo, wosunga katundu amgwira dzanja kamphindi, naikapo pepala loyera, nalemba m'kaundula kuti tsamba 7 la uje ndi pepala lakutilakuti. Achita zimenezi mofulumira kotero kuti mwanayo saona kanthu, akhulupirira kuti kope lake linali lathunthu chiyambire.

Umu ndi momwe kompyuta ichitira. Memori yonse inagawidwa timagawo tofanana totchedwa page, ndiye kuti tsamba. Pa makompyuta ambiri tsamba limodzi ndi mabaiti 4,096, ndipo pa makina atsopano a Apple ndi mabaiti 16,384. Manambala amene pulogalamu iwaona, amene tingawatche makeyala, si makeyala enieni a memori ayi. Ali ngati manambala a pa chikuto aja. Pa purosesa pali kachipangizo kotchedwa MMU, kamene ntchito yake ndi kutembenuza keyala ya pulogalamu kuti ikhale keyala yeniyeni, poyang'ana m'kaundula wotchedwa page table amene kapitao alemba. Kachitidwe konseka ndiko katchedwa virtual memory.

Pulogalamu yolembedwa m'chiyankhulo cha C ikafuna memori iitana lamulo lotchedwa malloc. Tinene kuti yapempha 1 GB. Amenewa ndi masamba 262,144. Kapitao avomera msanga, koma sapereka masambawo. Angolemba kuti makeyala kuyambira apa kufikira apo ndi a pulogalamu imeneyi. Pamene pulogalamu iyesa kulemba pa tsamba koyamba, MMU ipeza kuti m'kaundula mulibe kanthu, niimitsa pulogalamuyo ndi kuitana kapitao. Kuimitsa kumeneku kutchedwa page fault. Dzinalo limveka ngati kulakwa, koma pano palibe wolakwa. Kapitao atenga tsamba lopanda mwini, nalifufuta lonse kuti pasatsale zinsinsi za pulogalamu ina, nalilemba m'kaundula, ndipo pulogalamu ipitiriza ntchito yosadziwa kuti inaima. Ngati pa 1 GB ija ikhudza masamba 10 okha, memori yeniyeni imene yadya ndi mabaiti 40,960 basi.

Chifukwa makeyala sadya memori, kapitao awagawa mosaumira. Pa makina a masiku ano a mabiti 64, Linux apatsa pulogalamu iliyonse bwalo la makeyala lokwana 128 TB, ndiye kuposa ka 16,000 memori ya laputopu ya 8 GB ija.

Kumene nzeruyi inachokera

Nzeru ya masamba si ya dzulo. Inayambira ku yunivesite ya Manchester ku England, pa kompyuta yotchedwa Atlas, imene gulu la Tom Kilburn linapanga mothandizana ndi kampani ya Ferranti, ndipo inayamba ntchito m'chaka cha 1962. Memori yake yofulumira inali yosunga manambala 16,384 okha, yogawidwa masamba 32 a manambala 512 lililonse. Pambali pake panali zitsulo zozungulira zonga ng'oma, zochedwa koma zosunga manambala 98,304. Kale wolemba pulogalamu ankavutika yekha kusamutsa zinthu pakati pa malo awiriwa. Atlas inamchotsera mtolo umenewu: makina ankabweretsa okha tsamba lofunika, nabweza ku ng'oma tsamba losafunika msanga, ndipo munthu ankaona ngati memori yake ndi imodzi yaikulu.

Chinthu chachiwiri chinatifika kudzera ku Bell Labs ku America, kumene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba Unix m'chaka cha 1969. Pa Unix pulogalamu yatsopano ibadwa mwa njira yotchedwa fork: pulogalamu yakale idzigawa pawiri, kholo ndi mwana, ndipo mwanayo alandira zonse zimene kholo linali nazo. Linux, amene Linus Torvalds anayamba ku Helsinki m'chaka cha 1991, anatsata mwambo womwewo. Tsono taganizani pulogalamu imene yadzaza 6 GB pa makina a 8 GB, nifuna kubala mwana wokagwira kantchito kochepa. Kukopera zonse kukadafuna 12 GB, ndipo sikukadatheka. Chimene akapitao a masiku ano achita ndi ichi: kholo ndi mwana awerenga masamba omwewo, ndipo tsamba likopedwa pokhapokha wina wa iwo akafuna kulembapo. Njirayi itchedwa copy-on-write. Pa sukulu yathu yoyerekeza ija, ndi ana awiri owerenga pepala limodzi, amene wosunga katundu awapatsa lachiwiri pa tsiku limene mmodzi atola cholembera. Koma onani kuti lonjezo lakula: m'kaundula muli 12 GB, m'nyumba muli 8 GB. Kulonjeza kopitirira kotereku ndiko kutchedwa overcommit.

Tsiku lobweza ngongole

Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Masiku ambiri kapitao apulumuka, pakuti olonjezedwa sabwera onse pamodzi. Koma tsiku lina ana onse ayamba kulemba mwakhama, ndipo mapepala ayamba kutha. Pamenepo kapitao ali ndi njira zitatu, ndipo aziyesa motsatana.

Poyamba ataya masamba amene ali ndi anzake pa disiki, monga zigawo za mafayilo zimene anazisunga m'memori kuti ziwerengeke msanga. Apa palibe chotayika, pakuti zikafunikanso adzaziwerenga kachiwiri.

Zikapanda kukwana, atenga masamba amene sanakhudzidwe kwa nthawi yaitali, nawasamutsira ku disiki, ku malo otchedwa swap pa Linux ndi page file pa Windows. Kuli ngati kutenga mapepala akale a ana kukawasunga m'nyumba ina kutali. Njirayi ipulumutsa, koma ili ndi mtengo wake. Disiki yozungulira ichedwa kuposa memori pafupifupi ka 100,000. Ndiye kuti ngati kutenga chinthu m'memori kukadatha sekondi imodzi, kukachitenga ku disiki kukadatha tsiku lathunthu ndi kupitirira. Disiki zatsopano za SSD zifulumirako, komabe zitsalira kutali. Masamba ofunika nthawi yomweyo akachuluka kuposa memori, makina angokhalira kutulutsa tsamba ili ndi kulowetsa lija, osagwira ntchito yeniyeni. Vutoli litchedwa thrashing, ndipo Peter Denning analifotokoza bwino m'chaka cha 1968. Mukaona kompyuta yauma, kamuvi ka pa sikirini kosasuntha, kawirikawiri ili m'matope amenewa.

Njira yachitatu njowawa. Memori yatha, swap yadzaza, ndipo pulogalamu yakhudza tsamba limene inalonjezedwa kalekale. Kapitao sangathe kunena kuti ayi tsopano, pakuti nthawi yokana inali pa tsiku lopempha. Pulogalamu siili kupempha, ili kungolemba pa malo amene idziwa kuti ndi ake. Pamenepo Linux atuma msilikali wake wotchedwa OOM killer. Iyeyu ayang'ana mapulogalamu onse, nawapatsa malikisi makamaka monga mwa memori imene aliyense wadya, ndipo wamalikisi ambiri aphedwa ndi chizindikiro chotchedwa SIGKILL, chimene pulogalamu singachikane kapena kuchichedwetsa. Siipatsidwa ngakhale kamphindi kosungira ntchito yake. Choopsa china n'chakuti wophedwayo sakhala nthawi zonse amene anabweretsa vuto. Kapulogalamu kosalongosoka kakhoza kumaliza masamba otsiriza, koma n'kufa pulogalamu yaikulu yosunga kaundula wa sitolo kapena wa chipatala, chifukwa chakuti ndiyo yonenepa. N'chifukwa chake woyang'anira makina apatsidwa mphamvu yosintha malikisiwo ndi nambala yotchedwa oom_score_adj, yoyambira pa -1000 kufikira 1000. Pulogalamu yopatsidwa -1000 msilikaliyo saikhudza konse.

Android anamangidwa pa Linux, koma iye sadikira kuti zinthu zifike poipa chotere. Ali ndi mlonda wake wotchedwa lmkd, amene memori ikayamba kuchepa achotsa mapulogalamu amene ali kumbuyo, kuyambira amene mwini foni anawasiya kale, nasunga imene ili pamaso pake kufikira potsiriza. Mafoni ambiri a Android safuna kutumiza masamba ku disiki, koma awapanikiza kuti achepe ndi kuwasunga m'memori momwemo, mwa njira yotchedwa zram. Mafoni a Apple nawonso ali ndi mlonda wotere, dzina lake jetsam. Pulogalamu ya pa foni iuzidwa pamene ili kupita kumbuyo, kuti isungiretu zimene munthu anali kuchita. Yolembedwa mosamala ikubwezerani mawu anu onse ngakhale inaphedwa. Yolembedwa mwaulesi ndiyo ikutayitsani.

Kapitao wokana msanga

Windows ayenda njira ina. Iye asiyanitsa zinthu ziwiri: kusungitsa makeyala, kotchedwa reserve, ndi kulonjezedwa memori, kotchedwa commit. Kusungitsa makeyala n'kwaulere, monga kulandira chikuto chokha. Koma pulogalamu ikafuna lonjezo lenileni, Windows ayamba waonkhetsa malonjezo onse amene anapereka kale, nawayerekeza ndi malire ake, ndiwo memori yonse kuphatikizapo page file. Page file ikhoza kukuzidwa ngati pa disiki pali malo, koma malirewo akafika ndithu, pempho likanidwa pomwepo. Nayenso Windows sapereka tsamba lenileni lisanakhudzidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti salonjeza chimene alibe poti angachiike. Chimthandiza n'chakuti pa Windows pulogalamu yatsopano iyamba yokha ndi manja opanda kanthu, siibadwa mwa fork, kotero malonjezo sawirikiza mwadzidzidzi.

Kodi njira imeneyi ndiyo yabwino koposa? Ili ndi ubwino wake: pulogalamu imva kukanidwa ikadali ndi moyo, ndipo ikhoza kusunga ntchito ndi kuchenjeza mwini wake. Koma ilinso ndi zovuta ziwiri. Choyamba, pempho likhoza kukanidwa memori yeniyeni ili chikhalire, chifukwa ena anaisungitsa osaigwiritsa ntchito. Chachiwiri, olemba mapulogalamu ambiri sakonzekera kukanidwa, ndipo pulogalamu yao ikamva ayi ingogwa chimodzimodzi.

Linux alola mwini makina kusankha yekha, ndi nambala yotchedwa vm.overcommit_memory. Ikakhala 0, monga ikhalira munthu akapanda kuisintha, kapitao akana mapempho oonekeratu kuti ngosatheka, monga pempho limodzi loposa memori yonse pamodzi ndi swap, navomera ena onse. Ikakhala 1, avomera chilichonse. Ikakhala 2, aika malire: swap yonse kuphatikizapo gawo la memori, limene mwachizolowezi ndi theka. Pa makina a 8 GB okhala ndi swap ya 2 GB malirewo ndi 6 GB, kufikira mwini atakweza gawolo.

Kuti muone kuti yankho si limodzi, taonani mapulogalamu awiri otchuka osunga zinthu zambiri. Olemba Redis alangiza nambala 1, pakuti Redis ichita fork pofuna kusunga katundu wake pa disiki, ndipo kapitao woumira akhoza kuikaniza ngakhale mwanayo afuna masamba ochepa chabe. Olemba PostgreSQL atchula nambala 2 monga njira yopewera OOM killer, pakuti kwa iwo kukanidwa pempho limodzi n'kwabwino kuposa kufa kwa pulogalamu imene anthu ambiri aidalira. Onsewa ndi akatswiri, ndipo aliyense anena zoona monga mwa ntchito yake.

Dziwonereni nokha

Zimenezi si zongomva ayi, zioneka ndi maso. Pa kompyuta ya Linux lembani lamulo lakuti top, ndipo mudzaona mizere iwiri, VIRT ndi RES. VIRT ndi makeyala onse amene pulogalamu yatenga, pamene RES ndi masamba amene alidi m'memori. Musadabwe kupeza pulogalamu yoyendera pa intaneti ili ndi VIRT yoposa memori yonse ya makinawo. M'fayilo yotchedwa /proc/meminfo muli mzere wa Committed_AS, woonetsa malonjezo onse pamodzi. Pa Windows tsegulani Task Manager, pitani pa Performance ndi pa Memory, ndipo yerekezani nambala ya In use ndi ya Committed. Amene muphunzira C, pemphani chilolezo kwa aphunzitsi, mulembe kapulogalamu kopempha 1 GB ndi malloc n'kungodikira: mudzaona VIRT yakwera, RES ili pomwepo. Kenaka kalamuleni kalembe baiti imodzi pa tsamba lililonse, ndipo RES idzakwera kufikira itakwana 1 GB.

Pa maphunziro amenewa ine nditolapo zinthu zitatu. Choyamba, nambala yaikulu ya VIRT isatiopse, pakuti ambiri a iwo ndi manambala a pa chikuto. Chachiwiri, pa makina a memori yochepa tisatsegule zinthu zambiri nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chachitatu, ife amene tidzalemba mapulogalamu m'tsogolo tiziyang'ana yankho la malloc nthawi zonse, komanso tisaiwale kuti kuvomera kwa kapitao si chitsimikizo, kotero pulogalamu yathu izisunga ntchito ya munthu pa disiki kawirikawiri.

Maganizo anga ndi akuti kapitao wa Linux si wabodza, ndipo wa Windows si woumira. Onse awiri adziwa kuti memori ili ndi malire ndi kuti tsiku lina wina adzamanidwa. Asiyana pa nthawi yokha yonenera ayi: wina anena msanga nasiya mapepala ena osalembedwa, wina agwiritsa ntchito pepala lililonse nalolera kuti tsiku loipa wina adzalandidwa kope lonse. Kusankha pakati pa awiriwa kutengera chimene tili kuteteza. Koma ife ogwiritsa ntchito makina tikumbuke mawu a makolo akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nkhani imene mwailemba ikadali m'memori ili pachala. Isungeni pa disiki musanatsegule china.